Zimene Ludo Anadula pa Nyimbo ya Bambo

Mchimwene wanga Ludo amaimbira m'kabati ya zovala. Musaseke, sindikucheza. Munthu wamkulu ndithu, wadazi ndi mimba yake, wogwira ntchito ya inshuwalansi ku Antwerp, akaweruka amakwera sitima kubwerera kuno ku Lier, kudya mothamanga, kenako n'kukadzitsekera m'kabati ngati mphaka wofuna poswera. Akuti zovala zimameza phokoso, ndiye mawu amatuluka oyera. Chipinda chonse cham'mwamba anachimata mathireyi a mazira mpaka kudenga. Muli kompyuta, magitala, masipika, ndi mawaya oti ukalowa osayang'ana pansi utuluka wopanda mano. Iye amati situdiyo. Ine ndimati khola.

Nyimbo amapeka yekha, kuimba yekha, kujambula yekha, ndipo kunena mosapsatira amamveranso yekha. Zonse ndi zolira. Wandisiya, wandithawa, ndatsala ndekha pamvula. Chonsecho mkazi wake Magda ali pansi pomwepo akusenda mbatata, sanapiteko kulikonse chikwatiraneni. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, wakusiyayu ndi ndani? Tiuze tikamupepese abwerere, mwina ife tingapumeko." Sanandiyankhule mpaka Khirisimasi.

Akafuna kujambula nyumba yonse imafa. Wotchi amaichotsa batire, Magda amamuvula nsapato, firiji amaizimitsa poti ikung'ung'udza. Kuyatsanso ndiye sakumbukira. Nyama zawolera m'nyumba imene ija, ine sindidyako chilichonse chosatuluka m'chitini.

Zonsezo ndikanangoseka. Munthu aliyense ali ndi kake, ena amaweza nsomba, ena amapalasa njinga atavala zothina. Chimene chinandinyansa koyamba ndi zikhoti. Amayi atamwalira, tikugawana katundu, Ludo anati akufuna zikhoti zawo zonse zaubweya. Ine misozi mbwe, kuti kani mwanayu mtima ali nawo. Ndinazipinda ndekha ndi manja angawa. Patangopita kanthawi ndinazipeza zitapachikidwa m'kabati muja mozungulira maikolofoni.

"Nsalu yakale ndi yokhuthala, Griet," anatero, osachita ndi manyazi omwe. "Za masiku ano sizigwira mawu chonchi."

Ndinatsonya n'kutuluka. Griet ndine, mlongo wake wamkulu, ndimakazinga tchipisi pakashopu kanga pafupi ndi siteshoni, ndipo pakamwa panga anthu amapadziwa.

Bambo athu, a Staf, anali munthu wa nkhunda za mpikisano. Kuseri kwa nyumba yathu kunali khola lalikulu kuposa khitchini ya amayi. Loweruka nkhunda zinkapita pa lole kukaulutsidwa ku France, Lamulungu azibambo onse mumsewu mwathu makosi m'mwamba kudikira. Anzawo ankaitana nkhunda ndi likhweru. Bambo ankaimba. Nyimboyo inali yawoyawo, anaipeka ali mnyamata, ndipo ankaiimba akugwedeza chitini cha chimanga:

Bwera, bwera, kunja kwazizira,
denga lako ndi lomweli.
Mphepo ikakukankhira kutali,
ine sindisuntha, ndili pompano.

Mawu awo sanali okoma, ndisakunamizeni. Anali osasa, okanda m'khutu. Ankakoka pomwe afuna, kuthamanga pomwe afuna, malinga ndi mmene nkhunda ikuzungulirira pamwamba pa denga. Koma ine ndinakulira m'nyimbo imeneyo. Amayi atapita, bambo anayamba kumaiimba ngakhale nkhunda zonse zili m'khola. Tonse tinkadziwa yemwe akuitanidwa, palibe anatchula.

Fumbi la m'khola ndi lomwe linawadya mapapo. Nkhunda zinapita kwa mnzawo wina, m'malo mwake munabwera makina a mpweya, kabokosi kong'ung'udza ka timapaipi tolowa m'mphuno. Dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti mapapo akayamba chonchi sabwerera. Ine chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: nyimbo ija ndikhale nayo m'mawu a eni ake, mpweya usanawathere. Ndinati ndiwajambula pa foni. Tsoka lake ndinanena Ludo ali pomwepo.

"Pa foni?" Anagwira pamtima ngati ndamulasa. "Bambo ako okubala, pa foni? Ine ndili ndi situdiyo, Griet! Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Magda?"

"Iwe ukazinge tchipisi, zoimba utisiyire eni ake."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Musiye mwanayo, Griet," anatero. "Zaka zonsezi sanandipemphepo kanthu. Tiyeni tikaone kholalo."

Tinapita Loweruka lina masana, mitengo itangoyamba kuphukira. Masitepe a nyumba ya Ludo ndi opapatiza komanso oimirira ngati makwerero. Ndinamuuza kuti atsitse maikolofoni yakeyo pabalaza, iye anakana, akuti pabalaza pali matailosi, mawu amanjanja. Ndiye nkhalamba yopuma ndi makina ikwere. Ine kumbuyo nditanyamula kabokosi, bambo akupumira sitepe iliyonse, Ludo ali kale pamwamba akupukuta mahedifoni. Ndinkangomva mtima ukuwira.

Anawaikira kampando m'kabati, pakati pa zikhoti za amayi. Bambo anasuzumira, n'kuyang'ana Ludo.

"Mwandikonzera kale bokosi ndisanafe?"

"Khalani apo, bambo. Pakamwa patalikirane ndi maikolofoni chonchi. Chitinicho ndipatseni."

"Chalakwa chiyani?"

"Chilowa m'mawu. Ng'oma ndiikamo ine pambuyo pake."

Bambo anapereka chitini, manja awo n'kutsala pamaondo osadziwa chochita. Ludo anawaveka mahedifoni n'kudina kanthu pa kompyuta. Bambo anadzidzimuka.

"Ndani akukhoma msomali m'khutu mwangamu?"

"Ndi kowerengera nthawi, bambo. Muziimba motsatira kameneko kuti musathamange kapena kutsalira."

"Chotsa. Nkhunda siyendera wotchi ikamatera."

Ludo anapumira m'mwamba ngati munthu wozunzika, n'kuchotsa. Kenako anaima chilili, mutu atapendeketsa, akumvetsera kanthu m'mahedifoni ake. Maso ake anayenda m'chipindamo mpaka anagwera pa kabokosi ka mpweya kamene ndinali nditakaika pansi.

"Kakung'ung'udza," anatero.

"Chiyani?"

"Makinawo. Akulowa onse m'maikolofoni. Tizimitse pang'ono chabe, nyimboyi ndi yaifupi."

Abale, ndinaona mdima. "Iwe Ludo, mutu wako ukukoka? Ukuyesa bambo ndi firiji yako? Uwazimitse, uiwale kuyatsa, tidzawapeze Lolemba atawola?"

"Griet, usakokomeze. Phokoso limeneli likalowa silichoka."

"Lisachoke! Ndi mmene akupumira!"

"Taleka, mwanawe." Anali bambo, akuchotsa okha timapaipi m'mphuno. "Nkhunda sindinaziitanepo ndi mapaipi kumaso. Zimitsa. Ndiimba kamodzi, amene wamva wamva."

Ndinazimitsa ndi dzanja langa, chala n'kuchisiya pa batani pomwepo. Ludo anatseka chitseko cha kabati. Iye ankamva zonse m'mahedifoni, ine ndinkangomva zapatalipatali kudzera m'thabwa ndi m'zikhoti: mawu osasa aja akukwera, kenako chete wautali, kenako akweranso. Chete aliyense ndinkadziwa kuti ndi bambo akusakasaka mpweya. Nyimbo itatha ndinalumphira pachitseko, koma Ludo anakweza dzanja, maso atatsinzina, akuti mawu ayambe azirala kaye. Ndinamupatsa kanthawi kochepa, kenako ndinamukankha.

Bambo anali atatuwa, milomo itada, dzanja limodzi litagwira mkono wa chikhoti chobiriwira cha amayi. Ndinayatsa makina n'kuwabwezera timapaipi.

"Zabwino kwambiri," anatero Ludo kumbuyo kwanga. "Koma tibwereze kamodzi kuti ndikhale ndi posankha."

"Ubwereze wekha," ndinatero. Ndinatola chitini n'kuwatsitsa bambo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamuimbira foni kuti anditumizire. Anati akuikonza.

"Yathyoka pati?"

"Sungamvetse. Keke saipereka isanapse."

Sabata inatha, mwezi unatha, dzuwa la chilimwe linafika, Ludo akukonzabe. Magda ankabwera kudzagula tchipisi maso ali pansi. Akuti mwamuna wake sakuonekanso patebulo, akumva mzere umodzimodzi kubwerezabwereza mpaka Magdayo wayamba kuulota. Ndikamufunsa Ludo ankangoti, "Udzamva pa tsiku la kubadwa kwa bambo. Udzalira, ndikukuuza." Kulira ndinaliradi, pamenepo sananame.

Tsiku lokumbukira kubadwa kwa bambo, atakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, tinachitira kuchipinda chakumbuyo cha bala yomwe anthu a nkhunda amakumanirako. Kunali khofi, keke ya mpunga, mowa, ndi nkhalamba zinzawo zitavala zipewa m'nyumba. Bambo anakhala kumutu kwa tebulo ndi kabokosi kawo pambali. Ludo anafika ndi masipika awiri aakulu ngati akukatsegula msonkhano. Anagogoda tambula ndi supuni, n'kulankhula za luso, za cholowa, za maola amene wataya. Kenako anadina.

Inayamba piyano. Bambo sanakhalepo ndi piyano. Kenako ng'oma, du du du, zowongoka ngati asilikali. Kenako mavayolini a m'kompyuta, kenako timawu ta atsikana tikuti uuu, tomwe ndinazindikira kuti ndi Ludo yemweyo atadzikweza mawu. Ndiye kunabwera woimba.

Bwera, bwera, kunja kwazizira.

Mawu osalala ngati sopo. Osasasa, osanjenjemera, osatsalira, aliwonse pamalo pake. Ndipo munthuyo sankapuma. Mzere ukatha wina unkangoyamba, wopanda kukoka mpweya, wopanda kumeza mate, ngati mawu aja olengeza sitima pasiteshoni. Kukanda konse kwa pakhosi Ludo anapala. Pomwe bambo ankakoka poyembekeza nkhunda, iye anafupikitsa kuti pagwirizane ndi ng'oma zake. Keke ija ndinaikankhira kutali.

Itatha nkhalamba zija zinaomba m'manja mwaulemu, zikuyang'anizana. Ludo anaima manja m'chiuno, nkhope ikuwala. Bambo anamukodola.

"Ludo, mnyamatayu ndi ndani?"

"Uti, bambo?"

"Woimbayu. Mawu ali nawo, sindikana. Koma ukamuuze kuti nyimboyo ndi yanga, ndipo akuthamanga nayo. Nkhunda ingamuthawe ameneyu."

Anthu anaseka poyesa kuti akucheza. Ine ndimawadziwa bambo anga, sankacheza.

"Ndinu, bambo," anatero Ludo. "Ndi inuyo, tsiku lija m'kabati. Ndangokutsukani pang'ono."

Bambo anayang'anitsitsa sipika. "Ine?" anatero. Kenako anagwedeza mutu. "Ndiye wandichiritsatu. Dokotala analephera, iwe watha."

Kuseka kunabukanso, Ludo naye akuseka nawo, chitsiru. Bambo sanaseke. Anandigwira pamkono n'kunong'ona kuti ndiwaperekeze kunyumba, atopa.

M'mawa mwake ndisanatsegule shopu ndinali kale pakhomo pa Ludo. Ndinamuuza kuti zake za mavayolini asunge, adzaimbire adzukulu ake akalakwa. Ine andipatse yoyamba ija, mmene bambo anaimbira, yopanda chilichonse.

Anakanda dazi. "Yoyambayo, ndiye kuti, palibe."

"Palibe bwanji?"

"Kompyuta inadzaza. Nditamaliza kuwongola ndinaphatikiza zonse kukhala chinthu chimodzi, ndiye inandifunsa ngati zakale ndikuzifunabe. Ndinati ayi."

"Unati ayi."

"Inali yosamveka bwino, Griet! Ankatsika, ankatsalira, theka lake kunali kupuma kokhakokha. Ndani akanamvera zimenezo?"

"Ine! Ine ndikanamvera! Ndinapempha ndine!"

"Koma iyi ndi yabwino kuposa ija. Aliyense wodziwa nyimbo angakuuze."

Ndinayang'ana nkhope yakeyo kufuna kupezapo kamanyazi ngakhale kakang'ono. Panalibe. Munthu uja ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti watichitira zabwino, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandinyansa koposa. Wakuba amadziwa kuti waba. Uyu ankadikira zikomo. Ndinamutukwana mawu amene sindingabwereze pano, Magda mpaka anatseka mawindo.

Ndinapita kwa bambo ndi foni yanga ija yonyozedwa. Ndinawapatsa chitini, ndinawasiyira timapaipi m'mphuno, makina akung'ung'udza mmene afunira. Anagwedeza chitini, anakoka mpweya, n'kuyamba. "Bwera, bwera." Anathera pomwepo. Chifuwa chinawagwira mpaka misozi. Tinayesanso tsiku lina, ndi linanso, osapitirira mawu awiri omwewo.

"Isiye, mwanawe," anatero potsiriza. "Madzi akatayika saoleka. Iwe uli nayo m'mutu, si choncho?"

M'mutu ndinali nayo, inde. Koma za m'mutu zimafufutika. Mawu a amayi ndinkayesa kuti sindidzawaiwala, lero ndikawafuna ndimangomva anga omwe.

Bambo anamwalira masamba akuyoyoka. Ludo anafuna kuti nyimbo yake ija ilire m'tchalitchi potulutsa bokosi. Ndinamuuza kuti akayerekeza, maliro akhala awiri. Sinalire.

Titachoka kumanda tinakhala pa khofi ndi mabanzi a tchizi monga mwa mwambo. Ludo anabwera kudzakhala pafupi nane, maso ofiira. Analiradi, zimenezo sindimulanda. Ndinayamba kufewa pang'ono, poti chibale ndi fupa, sichiola. Ndiye anatsegula pakamwa, banzi lili m'manja.

"Ndikupeka nyimbo ya bambo," anatero. "Yowakumbukira. Ukudziwa chimene ndaika m'malo mwa ng'oma? Kupuma kwawo."

Ndinasiya kapu pansi. "Wati chiyani?"

"Mpweya uja ndinadula. Ndinauika pamzere wakewake ndisanayambe kuwongola mawu, ndiye unatsala. Ukautenga umodzi, n'kuufupikitsa, n'kumaubwereza, umamveka ngati chisekese. Ndi zamphamvu, Griet, palibe anachitapo."

Bambo tawasiya kumene m'dothi, nsapato zathu zikadali ndi matope akumanda, munthu akundiuza kuti wawasandutsa chisekese. Ndinafuna kumuthira khofi kumaso. Koma pansi pa mkwiyo wonsewo kanthu kena kanandigwira, ndipo ndinadzimva ndikufunsa ndi mawu otsika.

"Ndiye kuti mpweyawo ulipo? Wonse? Wosakhudza?"

"Wonse. Ndinangokoperako pang'ono pokha."

Nyimbo anataya, zinyalala zake n'kusunga. Ameneyo ndiye mchimwene wanga.

Tsiku lotsatira masana ndinatseka shopu n'kupita kwawo, chitini cha bambo chili m'chikwama. Sindinapereke moni. Ndinakwera masitepe aja, iye akunditsatira akufotokoza za nyimbo yake yatsopano.

"Yakoyo sindikufuna kuimva, ngakhale pang'ono. Ndiikire mpweya wokhawo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Mulibe kanthu mmenemo. Ndi mipata yokhayokha."

"Ika."

Anandipatsa mahedifoni a chingwe chachitali. M'chipindamo munalibe pokhala pena, ndiye ndinalowa m'kabati, pakampando kaja, n'kudzitsekera kuti ndisamuone nkhope. Munali mdima ndi fungo la zikhoti za amayi.

Poyamba zii. Kenako m'khutu mwanga momwe munthu anakoka mpweya. Wautali, wokhwekhwereza, wolira kakhweru kumapeto. Ndinagwira pakamwa. Anali bambo. Palibe wina padziko lino wopuma chonchija. Kenako chete, pomwe panali mzere woyamba. Kenako anakokanso, movutikira kuposa poyamba, n'kumeza mate. Chete winanso.

Mipata ija ndinaizindikira. Uwu ndi wa kunja kwazizira. Uwu wautaliwu ndi pomwe ankakoka poyang'ana kumwamba. Ludo sanaiwongole, poti kwa iye zinali zinyalala, ndiye inatsala mmene bambo anaisiyira. Ndinagogoda chitseko n'kumuuza kuti abwezere poyamba. Ndinatulutsa chitini.

Bambo anakoka mpweya, ine ndinaimba. Bwera, bwera, kunja kwazizira. Nditangomaliza mzere, bambo anakokanso, pa nthawi yake yeniyeni, ngati akundipatsa wotsatira. Denga lako ndi lomweli. Mawu anga ndi a munthu wokuwa maoda pa mafuta otentha, ndipo ndinkalira, mamina ndi misozi pamodzi, koma sindinaphonye mpata ngakhale umodzi. Iwo ankapuma, ine ndinkaimba, chitini chikulira. Ine sindisuntha, ndili pompano.

Nyimbo inatha. Ndinati ndivule mahedifoni, koma munali mukadali kanthu. Ndi nthawi ija Ludo anakweza dzanja kuti ndisatsegule. Bambo ankawefuka, kenako ndinamva nsalu ikukhwekhwereza pafupi, ndi mpweya wina wokokera m'mphuno, wapang'onopang'ono. Ndiye analankhula, motsitsa, mawu awo enieni osasa aja.

"Irma, chikhoti chakochi chikununkhirabe sopo uja."

Irma ndi amayi. Ndinakhala mumdimamo nkhope nditaikwirira m'chikhoti chobiriwira. Ludo mawu amenewa anawamva tsiku lomwelo, anawamvanso kambirimbiri akukonza, ndipo anawadula n'kuwaponya pamodzi ndi kutsokomola, osauza munthu.

Chitseko chinatseguka. Anaima pamenepo maso akuwala, mahedifoni ake ali m'khosi.

"Griet, ndajambula! Maikolofoni inali yoyatsa. Iwe ndi bambo pamodzi, sunamve mmene zikumvekera! Kungoti pamzere wachitatu unatsika pang'ono, ndipo chitinicho chalowa kwambiri. Koma usadandaule, ndikonza."

Ndinatuluka m'kabati. Ndinapita pakhoma pomwe mawaya ake onse amakumana, dzanja langa n'kugwira pulagi. Ndinkafuna kuzula, Mulungu akudziwa, ndinkafuna chikompyuta chimenecho chife pomwepo ndi zolira zake zonse. Koma bambo anali momwemo. Ndinasiya.

"Tumiza pa foni yanga," ndinatero. "Zonse ziwiri, ya mpweya ndi iyi. Mmene ziliri."

"Ndingochotsako mamina okha, ndi kanthawi kochepa."

"Ukakhudza kanthu kamodzi, Ludo, dzanja limenelo ndikaliviika m'mafuta anga a tchipisi. Tumiza ndikuona."

Anatumiza, ine nditaima pamsana pake ngati wapolisi. Foni italira m'thumba ndinatsegula, ndinamvera mpaka pa sopo paja kuti nditsimikize. Kenako ndinabwerera m'kabati n'kuyamba kupachula zikhoti za amayi, chimodzichimodzi, kuziunjika pamkono mpaka kabati inatsala mbee, matabwa okhaokha ndi maikolofoni itaima pakati.

"Aaa, Griet, zimenezo ayi!" Ananditsatira mpaka pamasitepe. "Popanda zikhotizo mawu azimveka ngati ndili m'bafa!"

"Uziimbira m'bafa momwemo."

Pansi ndinapeza Magda ataima pakhomo la khitchini, wopanda nsapato, mpeni wosendera mbatata uli m'manja. Anayang'ana zikhoti, anandiyang'ana ine, n'kunditsegulira chitseko chakunja.

"Firiji yazimitsidwa," ndinamuuza podutsa. "Kayatse."